Miyezi Khumi ndi Inayi ya Refu Wathu

Mng'ono wanga anayamba kuimbira mpira asanadziwe n'komwe kuti kunja kuno kuli ntchito yotero. Ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri, ine ndi mlongo wathu tikamalimbirana mpando wa pawindo, iye ankabwera kudzaima pakati pathu, dzanja limodzi m'mwamba, n'kugamula: "Mwayamba ndinu, achemwali. Ndakuonani." Chondipsetsa mtima chinali choti ankakhala atandionadi. Amayi ndiwo anamupatsa dzina loti Refu, ndipo dzinalo linamukanirira moti lero munthu akafunsa dzina lake lenileni, ife apachibale timayamba tayang'anana kaye.

Ine ndimaphika buledi. Ndili ndi kanyumba kophikira kuseri, mauvuni awiri a nkhuni, ndi thupi lochitira umboni kuti zimene ndimaphika ndimazilawa. Refu sanatengere ine. Ndi wamtali, wowongoka ngati mlongoti, ndipo pakati pa sabata amagwira ntchito m'sitolo yogulitsa nsapato. Kumenekonso sasiya kugamula. Mayi akaumirira kuti amavala sikisi, Refu amayang'ana phazi n'kunena modekha kuti, "Seveni, mayi," nkhani n'kuthera pomwepo. Loweruka likakwana amavala kabudula wakuda, amatenga wezulo, n'kumanga mawotchi awiri, mkono uwu ndi uwu.

"Mawotchi awiri a chiyani, ngati ukugulitsa?" amayi anamufunsa tsiku loyamba.

"Imodzi ikhoza kuima, amayi."

"Nanga zikaima zonse?"

"Ndiye kuti dziko latha, mpira sudzafunikanso."

Ali ndi kabuku kakuda kamene sikachoka m'thumba mwake. Marefu onse amalemba zigoli ndi makhadi, koma uyu anapitiriza muyezo. Amalembamo nthawi imene wadzuka, mtunda umene wathamanga, zimene wadya, ngakhale mphindi imene mvula yayamba. Tsiku la ukwati wanga analembamo kuti ndinafika mochedwa ndi mphindi makumi anayi ndi zitatu, ndipo mpaka lero amandionetsa.

Ataimbira mipira ya atsikana ndi ya achinyamata zaka zisanu ndi chimodzi, mtima wake unaloza ku ligi yaikulu ya amuna. Kuti mkazi aloledwe kumeneko ankayenera kukhoza mayeso othamanga pa nthawi ya amuna, osachotserapo ngakhale sekondi imodzi, ndipo mayesowo ankachitika kamodzi pa chaka. Ulendo woyamba analephera atatsala pang'ono kumaliza. Anabwera kudzakhala pa thumba la ufa m'kanyumba kanga, osalira, akungoyang'ana wotchi imene inamupereka.

Sabata yotsatira analowa gulu la marefu aamuna amene ankakumana m'mawa pabwalo la sukulu. Mkulu wawo anali bambo wina wodziwika ndi dzina loti a Penate, chifukwa pa unyamata wawo ankaloza penate ngakhale wosewera atapunthwa yekha. Gululi linali ndi njira yake. Ankathamanga m'mimba mulibe kanthu, atavala jekete ya pulasitiki mkati mwa jezi kuti thukuta lituluke ngati madzi a pampopi, ndipo Lachisanu lililonse ankakwera sikelo mmodzimmodzi. Amene watsika ankamuombera m'manja.

Njira imeneyi azibambowo anaipangira mimba zawo. Anali ndi mafuta oti n'kuwotcha chaka chonse osatha. Refu analibe choti achotse, koma munthu wolemekeza malamulo ngati iyeyo akauzidwa kuti umu ndi mmene timachitira, safunsa kawiri. Chimene sankadziwa n'chakuti anzakewo akachoka pabwalo ankakhotera kokadya mazira okazinga ndi tiyi wamkaka. Iye ankapita kusitolo ndi nthochi imodzi, masana n'kudya masamba, madzulo n'kukathamanganso yekha. Lachisanu lililonse womuombera m'manja anali iyeyo.

Tsiku lina ndikukanda ufa, anandiuza ngati akunena za nyengo. "Achemwali, miyezi itatu tsopano sindinapite kumwezi."

Manja anga anaima mu ufa. "Ndani mwamunayo?"

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Mwamuna ndingamuone nthawi yanji ine? Kulibe chilichonse. Zangosiya zokha."

Apa ndiye pamene ndimadzida ndikakumbukira. Ine mwezi uliwonse ndimagona masiku awiri ndi botolo la madzi otentha pamimba, ndikutukwana aliyense wodutsa. Ndiye nditamva kuti mnzanga wamasuka, nsanje inandigwira. Ndinati, "Mwayi wako, iwe! Bwenzi utandigawirako." Iyenso anavomereza kuti ndi mwayidi, popeza sakuderanso nkhawa za kabudula pamaso pa anthu. Tinaseka tonse awiri, ine n'kupitiriza kukanda ufa. Mkulu wake weniweni, wokhala pakati pa buledi, ndinaona mafupa a m'khosi mwake akutuluka n'kuganiza kuti ndi mmene othamanga amaonekera.

Amayi okha ndiwo ankang'ung'udza. "Mwana uyu akusala kudya kapena akudwala chikondi?" Koma Refu ankawaonetsa kabuku, nthawi zake zikutsika sabata ndi sabata, ndipo manambala anawatseka pakamwa. Mayeso otsatira Refu anaphonya chifukwa cha chimfine chimene chinamugwira sabata zitatu osatha. Sitinafunsenso kuti bwanji munthu wamphamvu chotere akungodwaladwala.

Chakudza sichiimba ng'oma. Phazi silinathyokere pabwalo, pamene mwina tikananyadira. Linathyokera m'sitolo, akutsika pa makwerero ndi mabokosi atatu a nsapato za ana, pa sitepe yomaliza. Anamva kuti thwa, n'kukhala pansi. Kuchipatala anamujambula, anamumanga chikhakha, koma dokotala wa mafupa anayang'anitsitsa chithunzicho nthawi yaitali. Anati munthu wa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi ziwiri sathyoka fupa potsika sitepe imodzi. Anamufunsa mafunso angapo motsitsa mawu, kenako anatilembera kalata yopita kwa dokotala wa amayi.

Ndinamuperekeza, iye pa ndodo ziwiri, ine nditanyamula zikwama. Adokotalawo anali mayi wamfupi, waimvi, magalasi atawamangirira chingwe m'khosi. Anafunsa kuti, "Munasamba komaliza liti?"

Refu anatulutsa kabuku, n'kutembenuza masamba. "Pa naini Malichi chaka chatha. Tsiku limene ndinatulutsa goloboyi pa mphindi ya sikisite-fili."

Adokotala anawerenga ndi zala. "Miyezi khumi ndi inayi. Tandibwerekani kabukuko."

Anakawerenga mwakachetechete, tsamba ndi tsamba, nthawi zina akugwedeza mutu. Kenako anavula magalasi. "Ambiri obwera muno ndimachita kuwakoka mawu pakamwa. Inu mwabwera ndi mlandu wolembalemba, mboni zonse zilimo. Komabe sindigamula ndisanaone mbali zonse, ntchito yanuyo mukuidziwa."

Anatifotokozera kuti msambo ukasowa miyezi yambiri, zifukwa zimakhala zosiyanasiyana. Pali mimba, kuyamwitsa, ndi njira zina zolera. Pali chithokomiro chikamagwira ntchito mopitirira kapena moperewera. Pali kachiwalo kakang'ono pansi pa ubongo kamene nthawi zina kamatulutsa homoni ya mkaka mochuluka, munthu alibe mwana. Kwa ena timatumba ta mazira timasokonezeka ndi mahomoni achimuna, kwa ena timatopa msanga nthawi isanakwane. Ndiye palinso njala, kuthamanga kopitirira, ndi nkhawa. "Zonsezi tiziyeza," anatero, "chifukwa mankhwala a chimodzi si mankhwala a chinzake."

Anamutenga magazi, anamuunika m'mimba ndi makina, n'kumupatsa mapiritsi a masiku khumi. Anati ngati chiberekero chili ndi choti chitaye, mapiritsiwo akatha magazi abwera. Anatha, tinadikira sabata, sikunabwere kanthu. Titabwerera, zoyeza zonse zinali patebulo: mimba palibe, chithokomiro chili bwino, homoni ya mkaka ili bwino, mazira alipo ambiri. Chimene chinali pansi penipeni ndi homoni yachikazi yotchedwa esitirojeni.

Adokotala anatembenukira kwa ine. "Inu paja mumaphika buledi. Nkhuni zikachepa mumatani?"

"Ndimayatsa uvuni umodzi, winawo ndimautseka."

"Ndi zimene ubongo wa mng'ono wanuyu wachita. Waona kuti chakudya chikulowa chochepa, ntchito ndi yambiri, ndiye watseka za kubereka kuti mtima ndi miyendo zipitirize. Vuto ndi loti homoni imene yazimayo ndi yomwenso imasunga mafupa. Ikasowa nthawi yaitali, mafupa amayamba kufumbwa mwakachetechete. Phazi ili langotichenjeza."

Misozi inandituluka osandipempha. "Adokotala, anandiuza ineyo miyezi itangokwana itatu. Ndinamuuza kuti ndi mwayi."

"Si inu nokha amene munanenapo zimenezo," anatero mofatsa. "Koma poti muli ndi uvuni, mulipira ndi buledi."

Mankhwala oyamba, anatero, ndi mbale. Kudya katatu, ndi zotolatola pakati, kuthamanga kuchepe. Koma popeza miyezi yapita yambiri ndipo fupa lathyoka kale, sangadikire mbale yokha. Anamulembera kachigamba komata pakhungu, m'munsi mwa mchombo, kosintha kawiri pa sabata, kolowetsa esitirojeni pang'onopang'ono. Anawonjezera mapiritsi a homoni ina, omwa masiku khumi ndi awiri mwezi uliwonse, oteteza chiberekero. "Mukamamwa amenewa magazi azibwera, koma musandiimbire foni yachisangalalo. Amenewo ndi a mankhwala. Thupi likadzabwerera m'malo tidzasiya zonsezi, tidikire msambo wanuwanu. Umenewo ndi umene ndikufuna."

Refu anatulutsa pepala lopindapinda. Linali fomu ya mayeso othamanga, yofunika siginecha ya dokotala, yotseka kumapeto kwa Malichi. Adokotala analiwerenga n'kulibweza. "Ndidzasaina tsiku limene msambo udzabwere wokha. Osati dzulo lake."

"Koma ndikanenepa sindikhoza, adokotala. Ndavutikira zaka ziwiri—"

"A Refu, wosewera akakutsutsani mutagamula kale, mumasintha?"

Mng'ono wanga anali atagwidwa ndi lamulo lake lomwe. "Sindisintha," anatero.

"Ndiye tamvana."

Ndinamusamutsira kwanga tsiku lomwelo. Ngati pali ntchito imene ndinabadwira ndi yodyetsa munthu, ndipo ndinaigwira ngati ndikulipira mlandu. M'mawa mazira awiri, buledi wotentha wopaka batala, ndi kapu ya mkaka. Cha m'ma teni mtedza ndi nthochi. Masana mpunga, nyemba, nyama, mapeyala. Iye ankalemba zonse m'kabuku, ine ndikuima pambali ngati wonyamula mbendera, kuonetsetsa kuti zolembedwazo zalowadi m'kamwa. Amuna anga, amene ndi dalaivala wa lole, anati sangalole mlamu wawo kuvutika yekha, n'kumakhala naye patebulo nthawi zonse zisanu. Pakutha pa miyezi iwiri Refu anali atakwera makilogalamu awiri, iwo asanu ndi limodzi.

"Alamu, mankhwalawa akugwira ntchito," ankatero akumasula lamba. "Ine ndachira kale."

Sikuti zonse zinali kuseka. Chikhakha chitachoka, tsiku lina ndinamupeza m'chipinda atagwira kabudula wake wakuda amene anakana kutseka m'chiuno. Ankalira ngati mwana. Anati akumva ngati akugwetsa nyumba imene anamanga yekha njerwa imodziimodzi. Ndinakhala naye pabedi, n'kumuuza zoona, kuti ine ndikuchita mantha kuposa iyeyo, kuti ndikufuna adzafike zaka za amayi akuyenda ndi miyendo yake. Kenako ndinatenga kabudulayo kupita naye kwa telala.

A Penate anabwera kudzazonda atanyamula malalanje, chipewa chili m'manja. Refu anawakhazika pansi n'kuwawerengera zimene adokotala ananena, mfundo ndi mfundo. Bamboyo anatuluka thukuta popanda jekete ya pulasitiki. "Mwana wanga, ife timaona ngati ukudya kunyumba ngati ifeyo," anatero. Kenako anaulula za mazira okazinga aja. Refu anawayang'ana nthawi yaitali, analowetsa dzanja m'thumba, n'kuwaonetsa khadi lachikasu m'chipinda changa chochezera. Lachisanu lotsatira sikelo ija a Penate anakaisiya ku ofesi ya sukulu, akuti aziyezera makatoni a mabuku.

Mu Disembala adokotala anamuyezanso, anaona masaya atabwerera, n'kunena kuti kachigamba kachoke, mapiritsi asiye, tiyambe kudikira. Anamulola kuthamanga pang'ono ndi kuimbira mipira ya atsikana a sukulu. Tsiku lomwelo ndinagula paketi ya mapadi n'kuiika m'chikwama changa cham'manja. Refu anakana kuinyamula yekha, akuti akaiona mtima uzimugunda.

Kudikira ndi ntchito yolemetsa kuposa kukanda ufa. Januwale anadutsa. Amayi ankaimba foni m'mawa uliwonse, moni osapereka, mawu amodzi okha: "Nanga?" Ine n'kuyankha kuti, "Ayi." Febuluwale anadutsanso. Paketi ija inayenda nane kumsika, kumaliro, kuukwati, mpaka inachita makwinya n'kuyera ndi ufa. Tsiku lina m'basi ndinaitulutsa m'malo mwa mpango wopukutira thukuta, bambo wokhala pambali panga n'kuyamba kuwerenga zikwangwani za panja mwachidwi. Fomu ija inali pamwamba pa filiji, itapsinjidwa ndi botolo la shuga, ndipo tonse tinkanamizira kusaiona.

Malichi atafika pakati, Refu anasiya kulankhula za mayeso. Anandiuza kuti ngati chaka chino zakanika, adikira china. Ananena mosanjenjemera mawu, koma ndinaona kuti mawotchi ake wawaika m'kabati mkati mwa sabata, chinthu chimene sanachitepo.

Loweruka lotsatira, kutatsala masiku asanu ndi anayi kuti mafomu atseke, anali ndi mpira wa atsikana pabwalo la sukulu. Ndinapita kukaonerera monga mwa nthawi zonse, ndikukhala pa benchi pafupi ndi mpanda wa waya. Mpira wake unali wogonetsa tulo. Atsikanawo ankangothamangitsana ngati nkhuku zolimbirana chiwala, chigoli osaoneka. Theka loyamba litatha Refu analiza wezulo, koma m'malo mopita pamthunzi pamene panali anzake onyamula mbendera, analunjika kumpanda. Ankayenda mosamala, nkhope ili gwa, ngati akubwera kudzatulutsa munthu.

Anagwira waya ndi zala, n'kunong'ona. "Achemwali, chikwama chija mwabwera nacho?"

Sindinamve msanga. Kenako ndinamva. Ndinakuwa mokweza moti mbalame zinauluka padenga la kalasi. Ndinadumpha ndi thupi langa lonseli, benchi n'kupendekeka, ndikuvina, chikwama chili m'mwamba. Anthu onse anatembenuka kuyang'ana kugolo, kuganiza kuti aphonya chinachake.

"Mayi, khalani pansi," anatero bambo wina. "Palibe wagoletsa."

"Tagoletsa ife, bambo! Inu simungamve!"

"Achemwali, musandichititse manyazi," anatero Refu, koma maso anali atadzaza misozi. "Ndatsala ndi mphindi khumi ndi ziwiri. Patseni."

Ndinamupatsira paketi yamakwinya ija pamwamba pa mpanda, nditaikulunga mu mpango. Asanathamangire kuchimbudzi anatulutsa kabuku, anayang'ana wotchi yakumanja, anatsimikiza ndi yakumanzere, n'kulemba mphindi imene zinayamba. Ine ndinaimbira amayi. Atangoyankha kuti, "Nanga?" ndinati, "Eya!" Ndinamva mbale ikugwa kumeneko.

Lolemba m'mawa tinali oyamba pamzere. Adokotala anawerenga m'kabuku, pamene panalembedwa kuti "mphindi ya fote-wanu, theka loyamba," anaseka mpaka kupukuta magalasi, anamuyeza phazi, n'kusaina. Anamuchenjeza kuti akufuna kumuonabe miyezi itatu iliyonse, ndipo msambo ukadzangosowanso, pepalalo adzalilanda ndi manja awo.

Mayeso Refu anathamanga atadya mazira awiri ndi buledi wanga, ali wolemera makilogalamu asanu ndi awiri kuposa chaka chatha. Anamaliza mpweya ukadalipo, a Penate akukuwa kumpanda mawu mpaka kusasa. Tsopano amaimbira mipira ya amuna. Azibambo a ndevu amamuzungulira akukalipa, iye amangokweza dzanja limodzi m'mwamba monga ankachitira kwa ine pa mpando wa pawindo, ndipo amabwerera m'mbuyo. Kwa marefu aakazi amene akubwera pambuyo pake, funso lake loyamba silikhala la nthawi yothamanga. Amafunsa ngati adya.

Sabata yathayi anafika kwanga masana atapindika, nsapato za kusitolo zili m'manja, n'kudzigwetsa pa sofa. Ndinamuthirira madzi otentha m'botolo langa lija n'kumuikira pamimba.

"Achemwali, m'mimba mukupotokola ngati muli munthu akufinya zovala," anabuula. "Zimenezi ndi zimene munkavinira pabwalo zija?"

Ndinamufunditsa nsalu, ndinamuikira buledi wotentha pambali, n'kumusisita pamutu.

"Mwayi wako, iwe," ndinatero.